Mwana wanga sachedwa kugwa ulesi, ndimuthandize bwanji?

Makolo anzanga, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi mnyamata wa zaka 10, ali mu Sitandade 5. Chaka chatha analirira kulowa kwaya ya ana kutchalitchi, koma atangodzudzulidwa kamodzi kuti akuthamangitsa nyimbo, basi, sanapondekonso. Pano ndi mpira. Ndinachita kumugulira nsapato pa kaunjika, ndalama yake yobwereka, koma wangosewera milungu itatu, akuti aphunzitsi amangomukhazika pa benchi. Nsapatozo zili pansi pa bedi, ngakhale matope sanachotse.

Bambo ake akuti timusiye, ndi chibwana, adzasintha akakula. Ine ndikuopa kuti azolowera kuthawa chilichonse chikangowawa pang'ono. Ndimukakamize amalize kaye teremu ino, kapena ndikaonane ndi aphunzitsiwo? Inu munatani ana anu atayamba zoterezi?