Za zopondera ndi chiwongolero cha MGB ija

Abale anga a kuno ku Harare, paja ndinafunsa chifukwa chimene chopondera kilachi cha galimoto yanga ya MGB ya 1972 chinkalowera kwambiri isanagwire, komanso chiwongolero chinkasewera m'manja. Ndabwera kudzakuuzani mmene zathera.

Achimwene amene munati ndiyambe ndi clevis pin, munalasa. Kapini kameneka, kolumikiza chopondera ndi master cylinder (silinda yokankha mafuta a kilachi), kanali katadyeka, bowo lake litasanduka lozungulira motalika. Tasintha pini, mabushi a zopondera ndi marabala a mu silinda, kenako tatulutsa mpweya mu mapaipi. Tsopano magiya akulowa osakukuta.

Chiwongolero ndiye chinatenga nthawi. Makaniko wa ku Graniteside anapeza kuti ma kingpin, zitsulo zimene matayala akutsogolo amatembenukirapo, anauma, osalawa girisi kwa zaka, ndipo ma track rod end, mfundo zolumikiza chiwongolero ndi matayala, anali atatha, maenje a m'misewu yathu ino atawamaliza. Rack yake, chitsulo cha mano chimene chiwongolero chimakankha, tathiramo oyilo wa EP90, osati girisi.

Ena munati ndiikemo power steering yamagetsi. Ine ndakana. Galimotoyi ndi yopepuka, ndipo ikangoyamba kuyenda chiwongolero chimafewa chokha, ukumva bwinobwino zimene matayala akutsogolo akuchita. Chatsala ndi mapaipi a mabuleki, ndikufuna achitsulo cholukidwa. Amene akudziwa kowapeza ku Kaguvi Street andiuze chonde.