Zatsopano pa funso la mayeso a Regents ku New York

Mayi wina wokhala ku New York anafunsa ngati mwana wake ayenerabe kukhoza mayeso a Regents, omwe ndi mayeso a boma la New York a ophunzira a kusekondale, kuti alandire dipuloma ya sekondale. Mayi, nkhaniyi yapita patsogolo.

Mu November 2024, dipatimenti ya maphunziro ya boma la New York inalengeza ndondomeko yoti kuyambira chaka cha maphunziro cha 2027-28, kukhoza mayesowa kusakhalenso kokakamiza. Malamulo amene alipo amafuna makirediti 22 (mapointi amene wophunzira amapeza akamaliza maphunziro osiyanasiyana) komanso kukhoza mayeso asanu: Chingelezi, masamu, sayansi, mbiri ndi amodzi osankha, ndipo malikisi okhozera ndi 65. Madipuloma alipo atatu, Local, Regents ndi Regents with Advanced Designation, koma ndondomekoyi ikufuna atsale amodzi okha, ndipo wochita bwino kwambiri aziikiridwa chidindo chapadera pa dipulomayo.

Musamuuze mwanayo kuti aponye mabuku kumbali. Mayeso a Chingelezi, masamu ndi sayansi azilembedwabe chifukwa lamulo la dziko lonse la America limafuna choncho. Chosintha n'chakuti wophunzira azitha kusonyeza luso lake m'njira zina, monga pulojekiti yaikulu kapena kuphunzira ntchito pakampani. Ine ndikuona kuti apa mpamene pagona nkhawa, chifukwa sukulu za m'madera olemera sizidzavutika kupezera ana malo oterewa, pamene za kwa osauka zidzavutika.

Ku Massachusetts, boma lina la ku America, anachita kale zofanana: mu November 2024 anthu anavota kuti mayeso a boma lawo, otchedwa MCAS, asakhalenso chotchinga dipuloma.

Kaonaneni ndi mlangizi wa pasukulupo, akuuzeni malamulo okhudza chaka chimene mwana wanu adzamalize.