Tithandizeni nzeru pa ulendo wa ku Fes, Marrakech ndi Tunis

Abale ndi alongo, ine ndi mayi a kunyumba tikukonza ulendo wa masabata awiri ku Morocco ndi Tunisia m'mwezi wa April. Mtima wanga uli pa Fes. Ndikufunitsitsa kuona mzikiti ndi sukulu ya al-Qarawiyyin yomwe inakhazikitsidwa m'chaka cha 859. Koma mzinda wakale wa Fes galimoto sizilowamo, tinjira take ndi topanikizika komanso tokwera, katundu amanyamula abulu. Mayiwa bondo limawavuta. Kodi tigone mkati mwa mpanda wa mzinda wakalewu kapena kunja, n'kumalowa masana okha?

Kuchoka ku Fes kupita ku Marrakech pa sitima ndi ulendo wa maola oposa 6. Tidule pakati n'kugona ku Rabat, kapena tingopirira?

Ku Tunis pamtunda sitingapite chifukwa njira imadutsa ku Algeria, ndipo malire a Morocco ndi Algeria anatsekedwa mu 1994, ndiye tikwera ndege pa Casablanca. Masiku anayi angakwane kuona mabwinja a Carthage ndi mzinda wa Kairouan osathamanga? Ngati n'zosatheka, Tunisia tiyisiya.

Amene munapitako ndi pasipoti ya Malawi, chonde tiuzeni za viza: munafunsira kuti, ndipo inatuluka patapita nthawi yaitali bwanji?