Mwana wayamba kugona, kalata ya bambo ake yafikanso

Mwezi watha ndinafunsa zoti ndichite ndi mwana wanga wazaka 4, yemwe ankalira usiku uliwonse chichokereni bambo ake kupita ku maphunziro oyamba ausilikali. Panali patadutsa masabata 3 osamva mawu awo. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha, makamaka inu mayi amene munandiuza kuti kukhala chete kwawoko si chizindikiro cha vuto, chifukwa ongoyamba kumene saloledwa kugwira foni mwachisawawa. Mtima wanga unakhala pansi.

Ndinatsatira malangizo amene munandipatsa oti tizidula masiku pa kalendala. Tinaimata pafupi ndi bedi lake, ndipo madzulo aliwonse amadula yekha tsiku limodzi ndi pensulo yofiira, kenako n'kukumbatira malaya akale a bambo ake mpaka tulo. Usiku woyamba analirabe. Pofika wachisanu anachita kundikumbutsa yekha kuti sitinadule tsiku. Zomunamiza kuti bambo abwera mawa ndinakana, zikanamupweteka kawiri.

Kalata yawo yafika sabata yatha, yolembedwa mothamanga, zilembo zopendekeka ndi kutopa. Akuti makalata athu amawawerenga mobwerezabwereza magetsi asanazimitsidwe.

Inu amene mukuyamba kumene ulendowu, muzilemba manambala pa maenvulopu, chifukwa makalata amafika mosatsatana. Foni muziikweza mawu, ndipo nambala yachilendo muziyankha. Ine foni yawo yoyamba inandiphonya ndikuchapa, ndinalira tsiku lonse. Za akaunti ya kubanki ndi mabilu mukambirane asananyamuke. Ife tinachedwa nazo, ndipo mpaka pano ndikulimbana nazobe.