RX-8 kapena Celica: ndi iti ingapirire kutentha kwa kuchigwa kuno?

Wa ku Nchalo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ku Blantyre kuli galimoto ziwiri zogulitsa, Mazda RX-8 ya 2005 ndi Toyota Celica ya 2003, ndipo mitengo yake siyikusiyana kwenikweni. Yomwe ndigule izikhala ku Nchalo, kumtunda izikwera mwa apo ndi apo. Ndi iti yomwe singamandithere ndalama kugaraja zaka zikubwerazi?

Makaniko wa pa Dyeratu: Achimwene, RX-8 ndi yokongola ndithu, koma si galimoto ya kuno. Injini yake ndi ya rotary, ilibe mapisitoni. Mkati mwake muli marota awiri a makona atatu, ndipo pa kona iliyonse pali kachitsulo kotchedwa apex seal. Tizitsulo timeneti tikaperepeseka, compression (kupanikizika kwa mpweya mu injini) imatsika, ndipo palibe kukonza kwina koposa kutsitsa injini yonse n'kuyiphwasula. Masipeya ake ndi ochita kuyitanitsa kunja, komanso amisiri oyidziwa ndi owerengeka.

Ngati mtima wanu uli pomwepo, iyeseni chonchi: iyendetseni mpaka itenthe, izimitseni, dikirani mphindi zisanu, kenako muyilize. Ikamavuta kulira ili yotentha pomwe m'mawa inalira msanga, kawirikawiri ndiye kuti injiniyo yatha. Dziwaninso kuti imawotcha oyilo mwadala, pali kapampu kothira oyilo mkati kuti ma seal asaume, choncho muziyang'ana oyilo pafupipafupi pothira petulo. Makoyilo ake anayi, opereka moto ku mapulagi, amafooka akayenda makilomita pafupifupi 50,000. Akafooka, petulo wosapsa amakatseka catalytic converter (chosefa utsi cha mu ekizozi), injini n'kumatentha kwambiri. Tsono pachitunda chochokera pa Thabwa mu Okutobala, ikangowira kamodzi, ma seal a madzi amapsa, madzi n'kulowa mu injini.

Mkulu wa ku Ngabu: Mphwanga, tenga Celica, koma uyambe waona nambala ya chasisi. Ya nambala yoyamba ndi ZZT230 ili ndi injini ya 1ZZ-FE, yomwenso ili mu Corolla, Wish, Premio ndi Allion za 1.8. Apa ndi pomwe pagona phindu: mapulagi, fyuluta, pampu ya madzi, ngakhale injini yathunthu yakale, zimapezeka ku Limbe osavutika. Ili ndi tcheni, osati lamba wa timing, ndipo imalowa oyilo malita 3.7.

Chilema chake n'chakuti injini za zaka zoyambirira zimamwa oyilo. Timabowo tobwezera oyilo pa pisitoni timatsekeka ndi mwaye, maring'i n'kumatirira. Wina alize galimoto, iwe uyime kumbuyo uone ngati ikutulutsa utsi wabuluu akaponda mafuta. Kukonza kwake ndi maring'i atsopano ndi kutsuka timabowoto, ntchito yomwe makaniko wodziwa Corolla amayitha.

Celica ya chasisi ya ZZT231 ili ndi injini ya 2ZZ-GE, yamphamvu kuposa inzake. Pa imeneyo sinthiratu mabawuti awiri otchedwa lift bolt a pansi pa chivundikiro cha mavavu. Ndi otchipa, koma akathyoka mphamvu ya pamwamba pa 6,000 rpm imasowa. Zovuta pa Celica iliyonse ndi za thupi: nyali, bampala, galasi lakumbuyo. Zimenezo ungadikire nthawi.

Wa ku Bangula: Ndikugwirizana nawo akuluwa, koma musaiwale kuti zonse ziwiri ndi zogwandira, pansi pake ndi masentimita pafupifupi 14 okha. Pa M1 zilibwino, koma mukapatukira m'misewu yafumbi ya ku East Bank, sampu (mosungira oyilo kunsi kwa injini) ndi ekizozi zimagunda miyala. Dzinja, madzi akadutsa pamsewu, musayese kuwoloka, injini ikamwa madzi ndiye kuti yapita.

Chonde, mu rediyeta musamathire madzi a pamjigo. Mijigo yambiri kuno ndi yamchere, ndipo mcherewo umadya aluminiyamu. Thirani coolant, madzi apadera oziziritsa injini, ndipo mukangogula sinthani thermostat, chitsekero cha rediyeta ndi mapayipi a rabara, muonenso kuti fani ikuzungulira. Mafuta a mabuleki azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Akakalamba amayamwa chinyezi, ndiye potsika chitunda amawira, phazi n'kungolowa pansi. Muzitsika ndi giya yachiwiri kapena yachitatu.