Yehova kapena Chauta: ana a kalasi ndiwayankhe bwanji?

Mphunzitsi wa kalasi, Mwansambo
Abusa ndi akulu ampingo muli munomu, ndithandizeni Lachitatu lisanafike. Dzulo pa kalasi timawerenga Salimo 23. Mnyamata wina anatsegula Buku Lopatulika la agogo ake, lothothoka chikuto, lomanga ndi kalabala, n'kuwerenga kuti "Yehova ndiye mbusa wanga." Mtsikana wa pambali pake, wa Buku Loyera, anati mwake alembamo Chauta. Pomwepo wina kumbuyo anaimika mkono: "Aphunzitsi, agogo anga amati Chauta ndi wa kukachisi kopempha mvula. Ndiye ife tikupemphera kwa uti?" Ndinangoti ndi mmodzi yemweyo, koma nkhope zawo zinaonetsa kuti sizinawalowe. Ana amenewa akudikira ubatizo, sindikufuna akaime kutsogolo mtima uli pawiri.

Mkulu wa mpingo, Khombedza
Aphunzitsi, musadzivutitse. Auzeni onse abwere ndi Lopatulika basi. Ife takula ndi Yehova, nyimbo zathu n'za Yehova. Dzina linalo limandikumbutsa zothira nsembe patsinde pa mtengo.

Mayi wa Chigwirizano, Chipoka
Bambo, kuletsa buku sikuchotsa funso. Mwanayo akamva Chauta pawailesi, pamaliro, m'nyimbo za kwaya, ndiye adzafunse ndani? Komanso makolo ena anachita kudzimana kuti agule Baibulo lomwelo.

Abusa opuma, Salima
Mayi anena zoona. Aphunzitsi, yambirani pa Eksodo 3, osati pa Salimo. Mose akufunsa dzina pachitsamba choyaka, Mulungu n'kumuyankha pa vesi 14 kuti "Ine ndine yemwe ndili Ine," ndipo pa vesi 15 akupereka dzina lenilenilo. M'Chihebri limalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, YHWH, ndipo likupezeka koposa ka 6,000 m'Chipangano Chakale. Ayuda, poopa kulitchula pachabe, ankati akafika pamenepo powerenga amanena Adonai, ndiye kuti Ambuye. Patapita zaka zambiri alembi anaika timadontho ta mawu akuti Adonai pa zilembo zinayi zija pokumbutsa wowerenga. Anthu a ku Ulaya anawerenga zonsezo pamodzi, m'pamene panatuluka Yehova. Akatswiri ambiri amati katchulidwe kakale kanali pafupi ndi Yahwe. Kachidutswa kake timakaimba sabata iliyonse: Aleluya, tamandani Ya.

Choncho a William Murray ndi anzawo, pomasulira Baibulo ku Mvera konkuno kumtunda kwathu, Buku Lopatulika lija linatuluka mu 1922, anasunga Yehova. Omasulira Buku Loyera la mu 1998, lomwe Akatolika ndi mipingo ina anagwirira limodzi, anasankha dzina limene Mchewa analidziwa kale ngati dzina la Mlengi. Onsewa akuloza zilembo zinayi zomwezija.

Mkulu wa mpingo, Khombedza
Abusa, zambiriyo ndamva ndipo ndathokoza. Koma nkhawa yanga ikadalipo. Dzina limayenda ndi katundu wake. Chauta wa kukachisi wa mvula wa ku Msinja, wa Makewana mayi wopempha mvula uja, si wa Mose.

Abusa opuma, Salima
Nkhawa imeneyo ndi yoyenera, musaitaye. Koma taonani Genesis 14. Melkizedeki, mfumu ya ku Salemu, akudalitsa Abramu m'dzina la El Elyon, Mulungu Wam'mwambamwamba. El linali liwu limene Akanani nawonso ankatchulira mulungu wawo wamkulu. Abramu sanalikane. Pa vesi 22 akulumbira kwa "Yehova, Mulungu Wam'mwambamwamba," kulitenga dzinalo n'kulimangirira kwa mwini wake. Ngakhale liwu lakuti Mulungu, bambo, sanabwere nalo amishoni. Analipeza pakamwa pa makolo athu, pamodzi ndi Namalenga, Mphambe ndi Leza. Tikataya Chauta pa chifukwa chimenecho, ndiye Mulungu titaya naye.

Chimene ana ayenera kugwira n'chakuti Baibulo limamudziwitsa Mulungu ndi zimene wachita: anatulutsa Aisraele ku Ejipito, anaukitsa Yesu kwa akufa. Makolo ankadziwa kuti kuli Mlengi wopatsa mvula. Za pangano, za mtanda, za kumufikira popanda kudzera kwa mizimu, izo anali asanazimve.

Katekisiti, Benga
Ndiwonjezereko za m'kalasi mwenimweni, poti ndinakumana nazo chaka chatha. Musayambe ndi kulongosola. Lembani YHWH pabolodi, muwauze aliwerenge. Alephera, aseka, ndipo apo ndiye makutu atseguka. Kenako awiri aja aimirire, awerenge Eksodo 3:13-15 aliyense m'buku lake, vesi ndi vesi. Adzionera okha kuti nkhani ndi imodzi, chitsamba ndi chimodzi. Za agogo aja, musanene kuti ananama. Mwana ukamunyozera agogo ake, wamutaya. Ine ndinawerenga nawo Machitidwe 17:23, pamene Paulo ku Atene anapeza guwa la Mulungu wosadziwika n'kuwauza kuti amene mumpembedza osamdziwa, ndiye ndikulalikirani.

Mayi wa Chigwirizano, Chipoka
Musaiwalenso utawaleza. Ambiri amati Chauta ndi mwini uta uja wa kumwamba. Genesis 9:13 Mulungu akuika uta wake m'mitambo ngati chizindikiro cha pangano. Ana a kunyanja kuno amauona kawirikawiri mvula ikamakata cha kuzilumba za Maleri, sangaiwale.

Mphunzitsi wa kalasi, Mwansambo
Zikomo nonse, ndalemba m'kope. Chatsala chimodzi. Theka la kalasi langa lili ndi achibale achisilamu, monga mudziwa kuno ku Nkhotakota, ndipo afunsa ndithu kuti nanga Yesu akulowa pati pa dzina limeneli.

Abusa opuma, Salima
Limenelo ndi phunziro lapalokha, musalipanikize tsiku limodzi. Koma khomo lake ndi ili. Yambani ndi Deuteronomo 6:4, kuti Mulungu ndi mmodzi, mawu amene Yesu mwini akuwabwereza pa Marko 12:29. Ana adziwe kuti sitiwerenga milungu itatu. Mukatero ikani Yoweli 2:32 pambali pa Aroma 10:9-13. Yoweli akuti woitana pa dzina la Yehova adzapulumuka. Paulo akutenga vesi lomwelo, ndipo Ambuye amene akumunena pamenepo ndi Yesu. Chimodzimodzi Yesaya 45:23 ndi Afilipi 2:10-11, bondo lililonse kugwada. Chonde fanizo la madzi, ayezi ndi nthunzi lisiyeni, limaphunzitsa kuti Atate anasanduka Mwana, pamene pa Yordano, Mateyu 3:16-17, onse atatu alipo nthawi imodzi.

Mkulu wa mpingo, Khombedza
Ine popemphera ndizitibe Yehova, pakamwa panazolowera. Koma zoletsa buku ndabweza. Aphunzitsi, mavesi a Abusawo munditumizireko, nanenso ndili ndi kalasi Loweruka.

Mphunzitsi wa kalasi, Mwansambo
Ndatumiza, bambo. Choko ndapeza, bolodi ndibwereka kusukulu ya mkaka. Lachitatu tichita Eksodo yekha, za Yoweli ndi Aroma sabata inayo.