Gulu la Banja: Chakudya cha Mwana pa Tchuthi kwa Agogo ku Dedza

Achemwali a ku Area 25: Mwaswera bwanji nonse. Sukulu akutsekera Lachisanu, ndiye mtsikana wathu ndimufikitsa kwa agogo ake Loweruka m'mawa. Akhala masabata awiri, ine ndibweranso pa 24. Aka ndi koyamba kugona kutali ndi ine chimupezereni shuga mu Epulo. Chonde tigwirizane za chakudya panopa, mtima wanga sukukhazikika.

Achimwene akulu: Taswera achemwali. Abwere, kuno ndi kwawo. Ndawauza kale alamu anu kuti nsima asamupatse, azidya ndiwo ndi masamba basi mpaka mudzamutenge.

Azakhali a ku Zomba: Ayi mwana wanga, pamenepo ndiye mumupweteka. Shuga wake si uja wa akuluakulu wa mapilitsi. Thupi lake linasiya kupanga insulin, yomwe imatsitsa shuga m'magazi, n'chifukwa chake amabaya. Jakisoni akalowa amagwira ntchito, kaya mwana wadya kaya sanadye. Mukamumana nsima, shuga atsika mpaka akomoka. Nsima adye. Chofunika ndi muyeso womwewo, pa nthawi yomweyo, tsiku lililonse.

Achimwene akulu: Pepani azakhali, ndimayesa ndikuthandiza.

Achemwali a ku Area 25: Nanenso poyamba ndinkaganiza choncho achimwene. Ndondomeko yake ili chonchi. Amabaya kawiri, 6:30 m'mawa ndi 6 koloko madzulo, amabaya yekha koma wamkulu aziona muyeso. Pakatha mphindi 30 chakudya chikhale chili patsogolo pake. 10 koloko kenakake kochepa, nkhomaliro isadutse 12:30, ndiye asanagone kenakakenso.

Alamu a kumudzi: Zamveka alamu. Nkhomaliro kwathu kuno imachedwa chifukwa cha kupalira, koma ndiziweruka msanga. Nanga ufa? Woyera ulipo wambiri, tinanyika mphale mwezi watha. Mgaiwa ndiye ndiyenera kukagayitsa.

Achemwali a ku Area 25: Mukagayitse mgaiwa alamu. Ndili ndi kope lomwe timalembamo zomwe wadya ndi zomwe kamakina koyezera shuga kaonetsa pakatha maola awiri. Mitanda iwiri ya woyera ndi usipa, amadutsa 250. Mitanda yomweyo ya mgaiwa ndi nyemba ndi nkhwani wotendera, amakhala cha m'ma 180. Ndaziona kangapo, si kamodzi.

Azakhali a ku Zomba: Zikumveka. Pokonola timachotsa gaga, ndiye woyera umagayika msanga m'mimba, shuga n'kuthamangira m'magazi nthawi imodzi. Mgaiwa gaga ali momwemo, amachedwetsako. Nyemba, nandolo ndi khobwe zimalowa pang'onopang'ono kwambiri, ndipo nsinjiro ndi masamba zimaigwira nsima kuti isathamange. Koma mgaiwa si mankhwala, ndi chimanga chomwecho. Ndaona anthu ambiri kuchipatala akudabwa kuti shuga wakwera pomwe amadya mgaiwa, kufunsa bwino n'kupeza mitanda inayi ikuluikulu.

Alamu a kumudzi: Ndiye vuto lilipo, chipande changa n'chachikulu. Mtanda wanga umodzi ndi iwiri ya m'tauni.

Achemwali a ku Area 25: Ndibweretsa chipande chathu, chomwe timayezera kunyumba. Muziomolera chimenecho, mitanda iwiri masana, iwiri madzulo. M'mawa phala la mgaiwa lolimbako, lothira nsinjiro, kapu imodzi, popanda shuga, ndi dzira ngati lilipo. Phala lamadzimadzi la woyera ndiye limamukweza kuposa nsima.

Mng'ono wathu wa ku Joni: Moni nonse, ndangoweruka. Ndawerenga zonse. Nanga kachewere? Mwana kupita ku Dedza osadya kachewere angamvetse?

Azakhali a ku Zomba: Adye, koma m'malo mwa nsima, osati pamwamba pa nsima. Kachewere wophika amakweza shuga msanga ndithu, makamaka akaphwanyika. Tchipisi ndiye chimanamiza. Mafuta amachedwetsa chakudya m'mimba, mukayeza pakatha ola muona zili bwino, shuga n'kudzakwera pakatha maola atatu kapena anayi. Mandasi ndi zitumbuwa chimodzimodzi. Mbatata ya kholowa ikapezeka iphikidwe, yootcha imakweza kuposa yophika.

Achemwali a ku Area 25: Za tchipisi ndi zoona. Tsiku lina anadya masana, pofika madzulo ndinadabwa kuti shuga wachokera kuti.

Achimwene akulu: Amayi ali pompano, ndawawerengera. Akuti chimera anaumika kale cha thobwa la Khirisimasi, ndipo mdzukulu wawo amalikonda chiyambire ali wamng'ono. Akufunsa ngati atamupatulira lake asanathire shuga.

Azakhali a ku Zomba: Muwauze alamu anga kuti ndawamva, ndipo ndikudziwa kuti zikuwawawa. Koma thobwa limatsekemera ngakhale musanathire shuga, chifukwa chimera chimasandutsa phala lija kukhala shuga. Ndiye ndi chakumwa, sichichedwa m'mimba. Lopanda shugalo lili bwinoko, komabe si loti azimwa akamva ludzu ngati madzi. Pa Khirisimasi penipenipo, amake ali pompo, atha kumwa theka la kapu pa nthawi ya chakudya, kwinaku mwachepetsa mpunga, kenako n'kuyeza.

Achemwali a ku Area 25: Lachinayi tili ndi sikelo ya shuga, ndikafunsanso za thobwa ndi mpunga wa tsikulo. Mpunga woyera umamukweza ngati woyera wa nsima. Kunyumba ndimayeza ndi kapu, nkhuku ndi kabichi ndiye adye mmene angathere. Amayi asadandaule, thobwa lawo alawa ndithu.

Alamu a kumudzi: Nanga mango? Mtengo wa kuseri kwa khola wapsa, ana amangokhalira pomwepo tsiku lonse.

Achemwali a ku Area 25: Apo ndi pomwe ndikuopa kwambiri. Limodzi laling'ono pa 10 koloko paja lili bwino. Koma akakhala pansi pa mtengo ndi anzake sawerenga. Mzimbe ayi. Nthochi imodzi yaing'ono, yosapsetsa. Akamva njala pakati, mtedza wokazinga mumupatse, sukweza kwenikweni.

Alamu a kumudzi: Ndilankhula ndi ana onse, osati iye yekha. Akamadya mango azidya limodzi pakhonde, ine ndikuona. Sindikufuna azimva ngati tamusala.

Mng'ono wathu wa ku Joni: Azakhali, ndinaona pa Facebook akuti madzi a therere ndi ufa wa chammwamba zimathetsa shuga, ena mpaka anasiya jakisoni. Tingayeseko?

Azakhali a ku Zomba: Mwana wanga, therere ndi chammwamba ndi ndiwo zabwino, adye ndi nsima. Koma jakisoni asadumphe ngakhale tsiku limodzi. Mwana wa shuga wa mtundu uwu akasiya insulin, tsiku limodzi kapena awiri amayamba kusanza, kupweteka m'mimba, kupumira m'mwamba, kenako chikomokere. Ndawalandirapo ana otere, ena anabwera mochedwa. Aliyense wobwera ndi botolo kapena mizu, ngakhale wa kutchalitchi, mumuthokoze n'kumubweza. Ngakhale atadwala malungo osafuna kudya, insulin sasiya, mumaimbira amake ndi kupita naye kuchipatala.

Mng'ono wathu wa ku Joni: Ndamva azakhali, sindibwerezanso. Ndiye ine ndithandize pati?

Achemwali a ku Area 25: Timapepala toyezera. Amayeza kanayi pa tsiku, masiku 14 ndi 56, ndipo kabotolo kamakhala ndi 50. Kumudzi aziyeza mowonjezera chifukwa zakudya ndi zachilendo, ndiye awiri.

Mng'ono wathu wa ku Joni: Nditumiza pa Mukuru mawa. Ndiwonjezera ya Fanta ya ana onse ndi Coke Zero wake.

Azakhali a ku Zomba: Fanta mmodzi mumubise m'chipinda cha agogo, ameneyo ndi wa ngozi. Tamverani bwino apa nonse a kumudzi. Kumunda, kumjigo, phada, fulaye, zonsezi zimatsitsa shuga, nthawi zina mpaka usiku wake. Mukaona akunjenjemera, thukuta, wafooka, akukwiya popanda chifukwa kapena akuyankha zosagwirizana, muyezeni. Pansi pa 70, masupuni ang'ono atatu a shuga m'madzi, kapena theka la kapu ya Fanta. Apa ndi pomwe zothamanga zija zimathandiza, mgaiwa ndi mtedza zichedwa. Dikirani mphindi 15, yezaninso, akadali pansi bwerezani. Akakwera mumupatse buledi kapena nthochi. Kamakina kakakhala kutali musadikire, mupatseni shugayo. Akakomoka musamuthire chakumwa m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali, mupakeni shuga kapena uchi pang'ono mkati mwa tsaya, ndipo thamangani naye kuchipatala.

Achimwene akulu: Ndajambula uthengawu, ndiulemba pa pepala ndimate pachitseko. Wa njinga yamoto wa pafupi ndalankhula naye, akuti usiku uliwonse tingomuimbira.

Achemwali a ku Area 25: Zikomo achimwene. M'thumba la diresi mwake muzikhala maswiti nthawi zonse, amenewo anzake asamupemphe. Usiku azigona ndi agogo ake, tsiku lomwe wasewera kwambiri ayeze asanagone.

Alamu a kumudzi: Nanga mankhwalawo tisunga pati? Filiji tilibe.

Azakhali a ku Zomba: Mtsuko wadothi. Ikani mchenga wonyowa pansi, kabotolo kakhale m'kachitini kotseka, muike mu mchengamo, pamwamba kansalu konyowa. Pakona pozizira, dzuwa lisafike, kutali ndi moto. Mchenga usaume.

Alamu a kumudzi: Mtsuko ulipo watsopano. Kuchigayo ndipita Lachinayi, nyemba ndili nazo za chaka chino, nsinjiro ndisinja Lachisanu. Alamu, chipande chija muike m'chikwama lero lomwe, ndi kope lija mubweretse, ndizilembamo ine.

Achemwali a ku Area 25: Ndaika kale. Tinyamuka ndi basi yoyamba, achimwene mutichingamire pa boma cha m'ma 9, kuti 10 koloko imupeze ali pakhomo.